Kodi Mumadziwa? Nkhono m'Botolo, Sikelo ya Venda ndi Zina Zomwe Timakanganirana

Sabata yatha, m'minibasi yochokera ku Limbe kupita ku Zomba, munali bambo wina atafungata wailesi pamiyendo. Anaigula Lolemba, inafa Lachitatu, ndipo atapita kokabweza anamukaniza. Anafunsa ngati n'zololeka, ndipo basi yonse inalowerera. Kondakitala amati sitolo ikalemba pakhoma kuti katundu sabwezedwa ndiye kuti zatha. Mnyamata wina amaloza magetsi athuwa. Mayi wina kumbuyo amati zinthu za masiku ano amazipanga dala kuti zife msanga. Tinadutsa pa Njuli, tinadutsa pa Namadzi, nkhani osagwa, mpaka bamboyo anatsika pa Thondwe ndi wailesi yake. Zinandiwawa, chifukwa funso lake lili ndi yankho, monganso mafunso ambiri amene timakanganirana m'basi, pa bawo ndi pa WhatsApp.

Kodi mumadziwa kuti chikwangwani chija chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa chilibe mphamvu katunduyo akapezeka wowonongeka? Lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda, lomwe Nyumba ya Malamulo inapanga mu 1998 n'kulikonzanso mu 2024, limaletsa wogulitsa kusamba m'manja pa katundu wachilema. Oyang'anira lamuloli ndi a Competition and Fair Trading Commission, omwe ambiri timangoti CFTC. Palinso lamulo lina loteteza ogula, la 2003. Ku Zambia lamulo lawo la 2010 silinapite m'mbali: kungopachika chikwangwani chotere ndi mlandu kale. Koma tisamangomva mbali yotikomera. Mukafika kunyumba n'kuona kuti maluwa a chitenje chomwe mwagula sakukusangalatsaninso, apo mwini sitolo akhoza kukana, pakuti chitenjecho chilibe vuto.

Abale athu a ku Joni, mumadziwa kuti kumeneko lamulo limakupatsani miyezi 6? Chinthu chikafa m'miyezi imeneyo popanda kulakwa kwanu, wosankha ndinu: akukonzereni, akupatseni china, kapena akubwezereni ndalama. Ku Britain lamulo la 2015 limapereka masiku 30 oti mubweze chinthu chachilema n'kulandira ndalama zanu zonse.

Kodi mumadziwa kuti pali kalata ya dandaulo la wogula yomwe yatha zaka zoposa 3,700? Inalembedwa pa phale ladongo mumzinda wa Ur, komwe lero ndi Iraq, cha m'ma 1750 Yesu asanabadwe. Wolemba anali Nanni, ndipo amakalipira wamalonda wina, Ea-nasir, kuti anamusonyeza mkuwa woipa atalonjeza wabwino, n'kunyozanso mnyamata amene anamutuma. M'nyumba yomwe munapezeka phalelo munalinso madandaulo a anthu ena pa munthu yemweyo. Lero phalelo lili ku British Museum ku London.

Nanga mumadziwa kuti mphamvu yanu yosumira kampani yomwe yakudwalitsani ndi chakumwa chake inachokera pa nkhono? Madzulo a pa 26 Ogasiti 1928, mayi wina wosauka, May Donoghue, analowa m'kanyumba kogulitsira zakumwa m'tauni ya Paisley ku Scotland. Mnzake anamugulira chakumwa cha jinja, cha m'botolo losaonekera m'kati. Atamwako, mnzakeyo anathira chotsalacho m'tambula, ndipo malinga ndi dandaulo la mayiyo, munatuluka nkhono yowola. Anadwala m'mimba.

Mfundo inavuta apa. Malamulo a nthawiyo ankalola munthu kusumira amene anapangana naye malonda. Mayi Donoghue sanatulutse ndalama, anagula ndi mnzake. Mnzakeyo sanadwale. Mwini fakitale, David Stevenson, sanagulitse kanthu kwa aliyense wa awiriwa. Munthu wina akanangoti ndi tsoka n'kukagona. Koma wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko: mayiyo anapeza loya, Walter Leechman, ndipo anachita kulumbira kuti ndi mmphawi kuti mlandu wake umveke popanda chikole. Pa 26 Meyi 1932, bwalo lalikulu la ku London linagamula, oweruza atatu kutsutsana ndi awiri, kuti wopanga chinthu ali ndi udindo wosamala aliyense amene adzachidye kapena kuchigwiritsa ntchito, ngakhale sanaonanepo naye maso ndi maso. Mmodzi wa oweruzawo, Lord Atkin, anatsamira pa fanizo la Msamariya wachifundo, n'kunena kuti mnansi wako pa lamulo ndi munthu aliyense amene ukanayenera kumuganizira kuti kusasamala kwako kungamupweteke. Stevenson anamwalira chaka chomwecho umboni usanamveke, ndipo osunga chuma chake anapepesa mayiyo ndi mapaundi 200. Popeza malamulo athu ambiri anachokera ku Britain, ophunzira zamalamulo ku Zomba ndi ku Lusaka amauphunzira mlanduwu mpaka lero. Ine ndikatsegula botolo lililonse la m'golosale ndimakumbukira kuti mayi amene analibe ngakhale ndalama ya khoti ndiye anandiikira mlonda ku fakitale.

Kodi mumadziwa kuti mawu otsatsira malonda akhoza kukhala pangano lomanga? Mu 1891 kampani ina ya ku London inkagulitsa kampira konunkhiza kotchedwa Carbolic Smoke Ball. Inalengeza m'nyuzipepala kuti aliyense wokanunkhiza katatu patsiku kwa masabata awiri n'kudwalabe chimfine choopsa alandira mapaundi 100, ndipo kuti yaika kale mapaundi 1,000 ku banki posonyeza kuti sikucheza. Mayi Louisa Carlill anatsatira zonse, n'kudwala mu Januwale 1892. Kampaniyo inati awo anali mawu okometsera malonda chabe. Khoti linati ayi, mwatchula ndalama, mwatchula banki, lipirani. Muzikumbukira izi munthu akaimirira kutsogolo kwa basi ndi kabotolo kamodzi kochiza shuga, BP, nsana ndi kusabereka nthawi imodzi. Kuno mankhwala ogulitsa amayenera kudutsa ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo kufunsa pepala lawo si mwano. Safunsa anadya phula.

Pamkangano wa mankhwala a zitsamba ndi a kuchipatala, mumadziwa kuti LA amene timamwa tikadwala malungo mbali yake ina imachokera ku chitsamba? Katswiri wina wamkazi wa ku China, Tu Youyou, anawerenga m'mabuku a asing'anga akale a kwawo za chitsamba cha Artemisia, ndipo mu 1971 anapeza njira yotulutsira mphamvu yake osaipsereza ndi moto. Anayamba wamwa yekha asanapatse odwala. Mu 2015 analandira mphoto ya Nobel. Kwinini nayenso anachokera ku khungwa la mtengo wa ku South America. Ndiye amene amati mitengo sichiza akulakwa. Koma amene amati tingowiritsa masambawo n'kumwa akulakwanso, chifukwa tsamba lina lili ndi mphamvu yambiri, lina pang'ono, ndipo mlingo woperewera umangophunzitsa tizilombo kupirira.

Za kupirirako dziko la Malawi likudziwa bwino. Mu 1993 linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolokwini n'kuyamba Fansida, tizilombo ta malungo titasiya kumumva. Patatha zaka zoposa khumi, akatswiri anayesanso kolokwini pa ana ku Ndirande mu Blantyre, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2006 zinasonyeza kuti anachiza ana 99 mwa 100 aliwonse. Tizilombo topirira tija tinali titachepa chifukwa mankhwalawo anasowa pamsika. LA anayamba mu 2007.

Kodi mumadziwa kuti mayi wa kumbuyo kwa minibasi uja sanali kulota? Mu Disembala 1924, makampani akuluakulu opanga mababu, kuphatikizapo Osram ndi Philips, anakumana ku Geneva n'kupanga mgwirizano wotchedwa Phoebus. Anapangana kuti babu lisamapitirire maola 1,000, pomwe ambiri a nthawiyo ankafika maola 1,500 mpaka 2,000. Fakitale yopanga mababu okhalitsa kuposa pamenepo inkalipitsidwa chindapusa ndi anzake. Ku Livermore, m'chigawo cha California, kuli babu lomwe linayamba kuyaka mu 1901 ndipo likuwalabe, ngakhale mwa chizimezime.

Zotere sizinathere pa mababu. Mu Disembala 2017 kampani ya Apple inavomera kuti inkachepetsa liwiro la mafoni ake ena akale. Inati imateteza mafoniwo kuti asamazime mwadzidzidzi batire ikakalamba, koma ogula sanauzidwe, ndipo ambiri anagula foni yatsopano pomwe ankangofunika batire. Mu Febuluwale 2020 dziko la France linailipitsa mayuro 25 miliyoni. Kumeneko, kuyambira 2015, kufupikitsa dala moyo wa chinthu ndi mlandu.

Nanga ija yoti foni yatsopano izikhala pamoto maola 8 musanaiyatse? Langizo limeneli ndi la mabatire akale a nickel. A masiku ano ndi a lithium, omwe kampani ya Sony inayamba kugulitsa mu 1991, ndipo safuna mwambo umenewo. Chomwe amadana nacho ndi kutentha komanso kuwafinya mpaka kuzimiratu tsiku ndi tsiku. Foni yotchajidwa pansi pa pilo kapena pawindo lowomba dzuwa la mu Okutobala imakalamba msanga.

Memori khadi ya 64GB ikamaonetsa 59 pa kompyuta, musathamangire kukamenyana ndi wogulitsa. Opanga amawerenga gigabayiti imodzi ngati 1,000,000,000, pomwe makompyuta ambiri amawerenga 1,073,741,824, ndiye kusiyanako n'kwa kawerengedwe. Yabodza imadziwika mwa njira ina: imavomera kulandira nyimbo ndi zithunzi zambiri, koma pozitsegula mumapeza zina zafufutika.

Mumadziwa kuti kuyambira pa 28 Disembala 2024 foni iliyonse yatsopano yogulitsidwa m'mayiko a European Union iyenera kukhala ndi polowetsera tchaja pa mtundu umodzi, wa USB-C? Apple, yomwe inakana kwa zaka zambiri, inasintha mu 2023. Ndipo ku South Africa, anthu atachita phokoso la Data Must Fall mu 2016, bungwe loyang'anira mafoni la ICASA linalamula mu 2019 kuti makampani azipereka mwayi wopititsa bandulo yotsala ku nthawi ina kapena kuigawira mnzako. Amene amati bandulo imatha yokha ngati mkaka wosasa aone pamenepo: tsiku lothera limaikidwa ndi anthu, ndipo anthu akhoza kulisuntha.

Kodi mumadziwa kuti foni ya m'manja siitana mphezi? Malaya ofiira nawonso ayi, kalilole ayi. Mphezi imafuna njira yachidule yofikira pansi, n'chifukwa chake imakonda mtengo wautali woima pawokha, munthu woima pabwalo la mpira kapena m'munda, ndi bwato la panyanja. Foni imakhala yoopsa ikakhala pa tchaja ya kukhoma, chifukwa mphezi ikamenya mawaya a magetsi imatha kutsata chingwe. Ndipo mphezi imamenya malo amodzi kambirimbiri: nyumba yosanja ya Empire State ku New York imamenyedwa ka 20 kapena kuposa pachaka. Mukaona ching'aning'ani yambani kuwerenga. Masekondi atatu aliwonse asanamveke mabingu ndi mtunda wa kilomita imodzi. Bingu likamveka, mwayandikana nayo kale, ndipo pansi pa mtengo wa mango si pothawira. Aphunzitsi a sukulu zomwe ana amaphunzirira pansi pa mitengo, chonde imvani mfundo imeneyi.

Mu Epulo 2020 anthu ku Britain anatentha nsanja za netiweki makumimakumi, ati 5G ikufalitsa Covid-19. Zina mwa nsanjazo zinalibe n'komwe 5G, ndipo imodzi inkatumikira chipatala cha odwala matenda omwewo ku Birmingham. Kachilombo kamayenda m'mpweya ndi m'malovu a munthu, sikangakwere mafunde a wailesi. Ife tisawaseke. Mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo zinaphetsa anthu osalakwa, ndipo azaumoyo ena anaopa kulowa m'midzi momwe odwala ankawadikira. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo masiku ano kandimverereyo ali ndi foni.

Tsopano sikelo, yomwe kwa ine ndiyo nkhani yaikulu kuposa zonsezi. Kodi mumadziwa kuti kuyambira 1889 mpaka pa 20 Meyi 2019, kilogalamu ya dziko lonse lapansi inali kachitsulo kamodzi kosungidwa m'magalasi ku Sèvres, pafupi ndi Paris? Sikelo iliyonse yoona, kaya ya ku Tokyo kaya ya ku Mchinji, inkayenera kugwirizana ndi kachitsulo kameneko kudzera mu miyala yoyesera yomwe mayiko amasunga. Lero kilogalamu amaiwerengera pa nambala yosasintha ya m'chilengedwe, kuti pasakhalenso mantha akuti kachitsuloko kangapepuke kapena kulemera.

Anthu anavutika chotero kuti kilogalamu ikhale imodzi paliponse, koma mlimi wa soya amakafikabe pamsika n'kupeza sikelo yopachika pa nthambi ikuwerenga 46 pa thumba lomwe kunyumba linali 50. Unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira chaka chilichonse, koma mtengo wabwino pa sikelo yokhota ndi umbava womwewo, wangovala jekete. Udindo woyesa masikelo a malonda ndi mapampu a mafuta uli m'manja mwa Malawi Bureau of Standards, yomwe inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo sikelo yoyesedwa imakhala ndi chizindikiro chawo. Poyembekezera kuti afike kumudzi kwanu, nayi njira yapafupi: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mapaketi asanu a shuga a kilogalamu imodzi-imodzi osatsegula, kapena chigubu cha malita 20 chomwe mukudziwa kulemera kwake, zimaulula sikelo yabodza anthu onse akuona. Alimi akagwirizana n'kumati sikelo iyambe yayesedwa thumba loyamba lisanakwere, venda wachilungamo sakwiya.

Miyeso ikasokonekera ngakhale akatswiri amagwa nayo. Mu 1999 chombo cha NASA chotchedwa Mars Climate Orbiter chinatayika chitafika ku Mars, chifukwa gulu lina linawerengera m'miyeso ya mapaundi pomwe lina linkayembekezera miyeso ya makilogalamu ndi mamita.

Kodi mumadziwa kuti poizoni wa chuku sapsa ndi moto? Anadziwika mu 1960, nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Akatswiri anamutcha aflatoxin. Amawononga chiwindi, amabweretsa khansa, ndipo amagwirizana ndi kupinimbira kwa ana. Mu 2004 anthu 125 anafa ku Kenya atadya chimanga chachuku, ndipo mu 2024 boma la Zambia linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa ndi chakudya chopangidwa ndi chimanga chotere, n'kuchotsa ufa wina m'masitolo. Chimandidetsa nkhawa ndi chizolowezi chathu: mtedza wabwino timagulitsa, wofota ndi wowola timasinja nsinjiro zothira m'phala la mwana. Kuwaza madzi pa makoko kuti asavute kuswa, kapena kuti thumba lilemere, ndiko kuitanira chukucho. Kukazinga ndi kuwiritsa sikumuchotsa poizoniyo. Kusankha ndi manja n'kutaya woipayo kumachotsa wambiri.

Mchere nawo: ayodini amene amathiramo amateteza ku chithokomiro komanso amathandiza ubongo wa mwana kukula ali m'mimba. Dziko la Switzerland linayamba kuthira mu 1922, pomwe m'midzi ya m'mapiri mwawo makosi otupa anali paliponse. Ayodiniyu amathawa mchere ukakhala poyera padzuwa ndi pachinyezi, ndiye wa pamulu wa pamsika ukhoza kukhala mchere wokoma koma wopanda chomwe munaugulira.

Pa paketi pakalembedwa kuti "best before", akutanthauza kuti tsikulo likadutsa kukoma kumayamba kuchepa. Pakalembedwa "use by" kapena "expiry", tsikulo ndi malire, makamaka pa mkaka, nyama ndi mankhwala. Mukaona tsiku lamatidwa kapepala kena pamwamba kapena lafufutidwa, bwezani pashelefu ndipo muuze ena.

Mumadziwa kuti kwa zaka zambiri petulo ankathiridwa mtovu? Anayambitsa ndi Thomas Midgley wa ku General Motors mu 1921, pofuna kuti injini isamagogode. Mu 1924 antchito asanu anafa atapenga pa fakitale ya ku Bayway, New Jersey, koma malonda anapitirira. Amene anaulula kukula kwa vutoli anali Clair Patterson, katswiri yemwe ankangofuna kudziwa zaka za dziko lapansi. Anapeza kuti ndi zaka pafupifupi 4.55 biliyoni, koma poyeza miyala yake ankapeza mtovu paliponse: m'fumbi, m'madzi, m'mpweya. Atalemba za izi mu 1965 anataya thandizo la makampani a mafuta, koma sanasiye. Mayiko a kumwera kwa Sahara anasiya petulo wa mtovu pofika Januwale 2006, ndipo Algeria inatsiriza mu 2021. Ku Kabwe, ku Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma ana akudwalabe ndi fumbi lake.

Tilowe m'ndale pang'ono. Kodi mumadziwa kuti utoto wofufutira zolembedwa unayambitsidwa ndi mayi wotayipa makalata pa banki ina ku Dallas, Bette Nesmith Graham, m'zaka za m'ma 1950? Ankasakaniza kukhitchini kwake, ndipo mu 1979 anagulitsa kampani yake ya Liquid Paper pa madola 47.5 miliyoni. Tipp-Ex ndi dzina la ku Germany la chinthu chofanana nacho. Dzinali linamveka dziko lonse pa 3 Febuluwale 2020, pomwe oweruza asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko ku Lilongwe anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019, mwa zina chifukwa cha mapepala a zotsatira ofufutidwa. Malawi linakhala dziko lachiwiri mu Africa kuchita zotere, kutsatira Kenya mu 2017. Chisankho chobwereza chinachitika pa 23 Juni 2020.

Chigamulo chomwecho n'chimene chinabweretsa 50+1. Mawu a m'malamulo oyendetsera dziko sanasinthe tsiku limenelo, chinasintha ndi tanthauzo lake. Mu 2000 khoti lalikulu la apilo linati wopambana ndi amene waposa anzake, ngakhale ndi mavoti ochepera theka, ndipo n'chifukwa chake mu 2004 ndi mu 2014 tinakhala ndi atsogoleri osankhidwa ndi anthu pafupifupi 36 mwa 100 aliwonse ovota. Mu 2020 makhoti anati ayenera kupitirira theka. Dziko la Zambia linatsatira 50+1 pa chisankho cha 2016.

Inki yomwe amatipaka pachala povota ija sichoka ndi sopo chifukwa muli mankhwala a silver nitrate, omwe amalowerera khungu n'kuda akaona kuwala. Imachoka khungu lakale likamasuluka. Dziko la India linayamba kuigwiritsa ntchito mu 1962, ndipo fakitale ya ku Mysore imagulitsa inkiyi kumayiko ambiri.

Ku Gambia savotera papepala. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, wovota amapatsidwa kampira kagalasi, konga komwe ana amaseweretsa, n'kukaponya m'mgolo wokhala ndi chithunzi cha amene akumufuna. Kakagwa, belu limalira kamodzi, ndipo oyang'anira akamva kawiri amadziwa kuti pali chinyengo. Timipira timeneti ndi tomwe tinachotsa Yahya Jammeh mu Disembala 2016 atalamulira zaka 22.

Ndipo mumadziwa kuti malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe? Aphungu analichotsa mu 1995 lisanagwirepo ntchito ndi kamodzi komwe. Kuyambira pamenepo mabungwe, mipingo ndi mafumu akhala akupempha kuti libwerere. Otsutsa amati olephera chisankho angamasonkhanitse masiginecha chaka chilichonse n'kusokoneza ntchito, ndipo nkhawa imeneyo ndi yomveka, koma ili ndi mankhwala ake: kuika chiwerengero chokwera cha osayina ndi zifukwa zomveka bwino. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe chikwangwani choti katundu sabwezedwa chinapachikidwa ndi lamulo lenileni, ndipo anachipachika ndi eni sitolo.

Kodi mumadziwa chifukwa chake pa 15 Malichi ndi tsiku la ufulu wa ogula padziko lonse? Pa tsikuli mu 1962, pulezidenti wa America, John F. Kennedy, anauza nyumba ya malamulo ya kwawo kuti wogula ali ndi maufulu anayi: kutetezedwa ku zinthu zoopsa, kuuzidwa zoona, kusankha, ndi kumvedwa akadandaula. Bungwe la United Nations linavomereza ndondomeko yoteteza ogula mu 1985. Kuno bungwe la Consumers Association of Malawi, lomwe anthu amalidziwa ndi mawu a John Kapito pa wailesi, linayamba mu 1994, chaka chomwe tinasankha boma pa chisankho cha zipani zambiri.

Chomaliza ndi kapepala kamene ambiri timakasiya pakauntala. Mumadziwa kuti malisiti a m'makina ambiri alibe inki? Pepalalo linapakidwa mankhwala omwe amada akatenthedwa, ndipo makinawo amalemba ndi kutentha. N'chifukwa chake lisiti likakhala padzuwa, m'chikwama chotentha kapena pafupi ndi mafuta odzola, zilembo zimazimirira, ndipo mukalisita limada lonse. Lijambuleni ndi foni tsiku lomwelo, pakuonekera dzina la sitolo, tsiku ndi mtengo. Mwini sitolo akakana kukumverani, chithunzi chimenecho, katunduyo ndi bokosi lake ndizo mumapita nazo ku CFTC. Bambo wa pa Thondwe uja lisiti lake anali nalo. Analitulutsa m'thumba la malaya atalipinda kanayi, ndipo zilembo zonse zinali zikuonekabe.